Buku Loyera ndi Makutu a Lichero

Tamanda, tatseka kaye bukulo. Chifikireni chako ndakhala ndikukuyang'ana cham'mbali: ulitsegula, ulipenya, uluma pensulo, ulitseka. Pensuloyo ikutha ndi mano, pepala silinailawe n'komwe. Bwerani kuno nonse, ana inu, khalani pakhonde pano. Iwe Mphatso, foniyo ika m'thumba, siithawa. Matenda agwira mlongo wakoyu ine ndimawadziwa, adandigwirapo ndili kale ndi imvi, ndipo sing'anga amene adandichiza ndi awo mukuwamva akukalipira nkhuku kuseriko. Musawaitane. Agogo anu aakazi akabwera pano nkhaniyi aikhotetsa kuti iwakomere iwo.

Inu mwandipeza ndili wa ndodo ndi chipewa chaubweya, ndiye mumayesa ndidabadwa chonchi. Ine kale ndidali munthu wodziwika kuyambira kuno ku Tsangano, kutsika ku Biriwiri, mpaka pa Boma. Mukaona chipupa cha golosale chili ndi botolo la zakumwa lochita thukuta, kapena tiyirumu yokhala ndi tambala wovala tayi, kapena malo ometera okhala ndi mitu ya anyamata itandandalikana ngati maungu, mudziwe kuti padadutsa dzanja ili. A Gama olemba zikwangwani. Ndikamayenda ndi zitini za penti panjinga, ana ankandithamangira m'mbuyo ngati ndanyamula masuwiti.

Sukulu ya ntchito imeneyi ndidaiphunzirira kubusa. Anzanga ankaumba ng'ombe zadothi n'kumazimenyanitsa, ine ndinkatola khala pamene tawotcherapo mbatata n'kumajambula ng'ombe zenizenizo pathanthwe. Tsiku lina mayi anga atangomaliza kuzira chipupa ndi dothi loyera, chosalala bwino, ine ndidachiona chikundiitana. Ndidajambulapo nkhunzi yonse yathunthu, nyanga mpaka kudenga. Chimene chidatsatira sindikuuzani, koma masiku amenewo ndinkadya chiimire. Kusukulu tidapeza sileti. Inu sileti simukuidziwa. Kadali kabolodi kakuda kamwala, ukalakwitsa umangolavulirapo n'kupukuta ndi chigongono, basi mlandu watha. Sileti siinkasunga chakukhosi. Nditakula ndidayamba kutola matumba a simenti, aja apepala, n'kumawasenda chikopa chimodzichimodzi, kuwadula, kuwasoka ndi khonje. Limenelo ndilo lidali buku langa lojambulamo. Linkanunkha fumbi, ukaliyetsemulira linkakubwezera. Bulashi yanga yoyamba idali ya ubweya wa kumchira kwa mbuzi ya amalume, ndipo mbuziyo siidandikhululukire mpaka tsiku loiphera.

Munthu woyamba kundipatsa chipupa kuti ndichidetse mwaulemu adali Che Jafali. Ena a inu mudawaona muli aang'ono, aja ankakupatsani mabisiketi osweka pawindo la sitolo. Adabwera kuno kuchokera ku Mangochi ali mnyamata, akugulitsa usipa pa thumba, kenaka adatsegula kasitolo pamsika. Adandiitana n'kunena kuti, "A Gama, mundijambulire chambo chachikulu pamwamba pa chitseko, anthu adziwe kuti muno muli nsomba."

Ine mwana wa kumapiri kuno, chambo chamoyo ndidali ndisanachionepo. Ndinkachidziwa chouma, chong'ambidwa, chagada ndi utsi. Komabe ndidakwera makwerero n'kujambula. Nditatsika, anthu adali atadzaza. Mayi wina adafunsa kuti, "Kodi Che Jafali ayamba kugulitsa nsapato?"

Ndidafuna kufufuta nthawi yomweyo. Che Jafali adagwira makwerero, akuseka mpaka kofia kugwa. Adati, "Isiyeni. Ngati anthu akufuna nsapato, ndikapikula nsapato." Sabata yotsatira m'sitolomo mudalendewera mapatapata. Ubwenzi wathu udayambira pansi pa nsomba ya nsapato imeneyo, ndipo udakhala mpaka tonse mano adayamba kutisiya limodzilimodzi. Pa Khirisimasi ankabwera kwathu, ife n'kuwapatsa mpeni kuti nkhuku azinge okha. Pa Idi ine ndinkapita kwawo kukadya mpunga mpaka lamba kumasula.

Kenaka zinthu zidasintha monga zimasinthira. Kudabwera makina aja osindikiza zinsalu zapulasitiki. Munthu apita ku Boma m'mawa, madzulo abwera ndi chikwangwani chonyezimira, chili ndi nkhope ya mzungu akumwa tiyi. Ndani adikirenso a Gama akwere makwerero ndi mawondo olira ngati chitseko? Sindidadandaule kwambiri. Ndidapachika mabulashi kudenga, ndidalowa m'munda wa mbatatesi ndi agogo anu, ndipo dzanja lidaiwala pensulo n'kuzolowera mpini. Zaka zidadutsa choncho, mvula ndi chisanu, inu n'kumabadwa mmodzimmodzi ngati bowa.

Tsono chaka china, nthawi ya chisanu, nkhungu itaphimba msika wonse moti mbuzi umaimva kulira osaiona, Che Jafali adandikhazika pabenchi pakhonde pa sitolo. Adali atavala majuzi awiri ndi mpango m'khosi.

Adati, "Achimwene, ine kuzizira kwa kuno kwandilowa m'mafupa. Ana akuti ndibwerere kumudzi ndikaothe dzuwa. Mvula isanagwe ndikhala nditapita."

Ndidangoti, "Nanga ine ndizikangana ndi ndani?"

"Muli ndi aNangozo kunyumba, akukwanirani. Koma ndili ndi pempho. Mundijambulire malo ano. Msika, sitolo, phiri lija kumbuyoko, zonse. Za pafoni sindikuzifuna, ana andijambula kale zambirimbiri, koma mulibe fungo. Ndikufuna cha dzanja lanu, ndikapachike kwathu. Chokhacho, nkhope yanga musaikepo. Mayi akunyumba sangalole chithunzi cha nkhope pachipupa."

Ine ndidadziguguda pachifuwa. Ndidati zimenezo n'zazing'ono, ndingathe kujambula ndi dzanja lamanzere kwinaku ndikumwa tiyi. Mukudziwa pakamwa pa agogo anu, pamatsogola, mwini wake n'kumabwera pambuyo wefuwefu.

Nkhani idafika kwa atate ako, Tamanda, ku Lilongwe. Iwo mwa chikondi chawo adapita m'sitolo ya m'tauni n'kundigulira buku lojambulamo, n'kulitumiza pa minibasi. Ana inu, buku limenelo. Chikuto chakuda, cholimba ngati Baibulo la paguwa. Mapepala ochindikala, oyera kuposa ufa woyera wa pa ukwati. Ukalitsegula linkanunkhira ngati ofesi ya bwana. Padalinso mapensulo m'kabokosi kachitsulo, ena olimba, ena ofewa, atagona mondondozana ngati asilikali. Ine munthu wa matumba a simenti ndidayamba ndakasamba m'manja ndi sopo ndisanalikhudze.

M'mawa mwake ndidatulutsa tebulo pakhonde pano. Ndidakhala pampando uwu. Ndidatsegula tsamba loyamba. Ndidakweza pensulo.

Palibe chidachitika.

Msika ndinkaudziwa ngati m'kamwa mwanga. Ndikatsinzina ndinkauona wonse, milu ya kabichi, ngolo, telala pakhonde. Ndikatsegula maso n'kuona kuyera kuja, zonse zinkabalalika ngati mpheta. Dzanja linkangokhala m'mwamba, kukana kutera. M'mutu mudali mawu akuti, ukalakwitsa mzere woyamba, buku la mwana wako waliwononga, ndipo anthu adziwa kuti a Gama adatha kalekale. Ndidatseka. Ndidati lero kuwala sikuli bwino.

Tsiku lotsatira kuwala kudali bwino, koma pensulo siidasongoke mokwanira. Ndidatenga lezala n'kuisongola. Idasongoka, koma ndidaona kuti ingathe kusongoka koposa. Ana inu, ine ndidasongola mapensulo amenewo mpaka ena adafupika ngati ndudu yotoledwa pansi, osalembako ngakhale kadontho. Pansi pa tebulo padadzaza tizipalapala, nkhuku n'kumajompha kuyesa chakudya. Tsiku lina ndidati mpando ndi waufupi, ndidauikira njerwa. Tsiku lina ndidati tambala akundisokoneza. Tsiku lina ndidaganiza kuti munthu sangajambule khola la mbuzi lili lopendekeka, ndidakonza khola lonse. Denga la kitchini lomwe agogo anu adalidandaula zaka ndi zaka, ndidalifolera nthawi imeneyo. Pakhomo pano sipadakongolepo ngati m'miyezi imene ine ndinkathawa pepala.

Usaseke kwambiri, Tamanda. Dzulo ndidakuona ukutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Agogo anu ankangondiyang'ana. Madzulo alionse ndikamalikulunga bukulo m'jumbo n'kuliika m'sutikesi pamodzi ndi suti ya kutchalitchi, ankafunsa kuti, "Mwana wagona?"

"Mwana uti?"

"Uyo mumamufunditsa tsiku ndi tsikuyo. Tidikira ayambe kukwawa?"

Ine ndinkati, "Nangozo, luso silifuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono imene ija idafika kale ku Mangochi."

Chisanu chidatha, mphepo ya fumbi idayamba, mapichesi adachita maluwa. Tidakumba mbatatesi, malole adabwera n'kupita. Kumsika ndidayamba kupita mozemba, kudzera kuseri kwa mabucha kuti ndisadutse pasitolo. Koma Che Jafali adali ndi maso a kabawi. Ankandikuwira kuti, "A Gama, chithunzi chili pati?" Ine n'kumati chikupsa. Iwo n'kumati, "Chisapserere." Mashelefu a m'sitolo adayamba kuchepa katundu, makatoni adayamba kumangidwa zingwe. Apo mtima udayamba kundiwawa zenizeni. Munthu amene adandipatsa chipupa choyamba adali kupita, mwina osadzaonananso, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene adandipempha moyo wake wonse chidali kundikanika. Nthabwala ndinkachita, koma chakudya chidasiya kutsika bwino.

Ndiye lidafika Lamulungu lina lotentha. Titabwera kutchalitchi, ndidatulutsa buku monga mwa masiku onse, ndidaliyang'ana, lidandiyang'ana, tulo tidandiba pampando pomwe pano. Podzidzimuka, patebulo padali jumbo yokha. Buku palibe. Kumjigo uko kunkamveka chiphwete cha amayi, chija chogwirana mapewa.

Posakhalitsa adadutsa aNaphiri, oyandikana nafe aja, ndowa ili pamutu. Adandipatsa moni mwaulemu wonse, "Mwaswera bwanji, a Gama?" koma maso awo sadali pankhope panga. Adali pambali pa mutu wanga. Adayang'ana khutu ili, adayang'ana linali, milomo n'kumanjenjemera, madzi n'kumatayikira pamsana. Adadutsa mayi wina, chimodzimodzi. Wachitatu sadathe n'komwe kumaliza moni, adathawira kuseri kwa nkhokwe.

Pambuyo pake adatulukira agogo anu, buku langa lili m'khwapa ngati la nyimbo.

"Nangozo, buku langa likutani kumjigo?"

"Linapita kukaona anthu. Latopa ndi kukhala m'sutikesi."

Ndidalilanda n'kutsegula. Ana inu, tsamba loyamba, lija ndidalisunga miyezi yonseyo ngati namwali wa m'chinamwali, lidali ndi munthu. Mutu ngati dzungu. Kukamwa yasa. Miyendo ngati timitengo ta machesi. Ndipo mbali iyi ndi iyi adamuika makutu aakulu ngati malichero, moti mutati mumuponye kuchokera paphiri akadatera bwinobwino ku Mozambique. Pambali padali chala cha mafuta ophikira, ndi dontho la madzi a kumjigo. Agogo anu chibadwire sadagwirepo pensulo kuti ajambule kanthu. Adakanikiza mwamphamvu mpaka mizere idadinda masamba a pansi.

Ndidafunsa kuti, "Ameneyu ndani?"

"Amayi onse amudziwa popanda kuwauza."

"Makutu anga sali chonchi."

"Inu mumawaona liti? Ine ndakhala ndikuwayang'ana kuyambira tsiku la chinkhoswe."

"Khutu la munthu limayambira pa mzere wa diso, Nangozo, n'kuthera pa mzere wa mphuno. Silifika paphewa."

"Ndiye konzani, poti ndinu odziwa."

Ndidatola kapensulo kamodzi mwa tija tafupika, ndidatembenuza tsamba, ndidati, "Khalani apo. Muone mmene amajambulira munthu." Iwo adakhala pamtondo, manja m'chiuno, chibwano m'mwamba. Ndidawajambula mwaukali, mofulumira, osaganiza. Ndidawapatsa duku lalitali ngati chulu. Ndidawapatsa mlomo wa m'munsi uja amautulutsa akamamva nkhani yomwe sakuikhulupirira. Nditamaliza ndidawatembenuzira.

Adayang'ana nthawi yaitali. Kenaka adati, "Mphuno mwaibera kwa mayi anga." Ndipo adayamba kuseka, ine n'kuyambanso, mpaka tonse misozi, nkhuku n'kubalalika.

Mukuganiza zidathera pomwepo? Agogo anu sagonja. M'mawa ndidapeza tsamba lachitatu lili ndi munthu wa makutu uja akuthamangitsidwa ndi nkhukundembo ya aNaphiri, zomwe zidachitikadi kamodzi, koma sindidathamange mmene adajambuliramo. Ine ndidabwezera: ndidawajambula ali kukwaya, kukamwa kuli pululu, ntchentche ikuganiza zolowa. Iwo adandijambula ndili panjinga, makutu akupepeluka m'mbuyo ngati zovala pachingwe. Ine ndidawajambula akukalipira nkhuku, nkhukuyo itatseka makutu ndi mapiko. Buku linkagona patebulo osafunda jumbo, aliyense akapeza mpata ankalitola mobisa. Lidadontheredwa tiyi. Lidadetsedwa ndi dothi la kudimba. Mwana wa mbuzi adalawako ngodya imodzi. Anthu akuluakulu, a zidzukulu, mmodzi mkulu wa mpingo, wina wa chigwirizano cha amayi, tinkabisalirana kuseri kwa zitseko ndi pensulo ngati ana a sukulu. Abusa atabwera kudzationa adatipeza tikulimbirana labala.

Pakati pa nkhondo imeneyo m'pamene ndidazindikira kuti dzanja likuyenda lokha. Silinkafunsanso chilolezo kumutu. Pofuna kubwezera agogo anu ndinkayenera kuwayang'anitsitsa, mmene amapindira msana posesa, mmene amaimira mwendo umodzi akamapeta. Ndipo ukayamba kuyang'ana chinthu choncho, mantha amasowa pokhala. Miyezi yonse ija ine ndinkayang'ana pepala. Pepala mulibe kanthu, Tamanda, ungaliyang'ane mpaka Yesu adzabwere. Zojambula zili uko, kuli mbuzi ndi anthu.

Tsiku la msika agogo anu adati atopa kukhala chojambulidwa, akupita kukagulitsa kabichi. Ndidati sindikusiyani. Tidakwera ngolo ya mwana wa aNaphiri, iwo kutsogolo, ine pamwamba pa matumba, buku pabondo. Msewu wathu mukuudziwa. Ngolo ikati gubudu, pensulo inkalumpha. Ndinkafuna kujambula msana wa agogo anu, kunkatuluka phiri. Ndinkafuna nyanga ya ng'ombe, kunkatuluka mphezi. Palibe mzere umodzi udawongoka, ndipo palibe amene akadandiimba mlandu, wolakwa adali msewu. Ndidaseka njira yonse ngati woledzera, anthu m'njira n'kumafunsa ngati a Gama ayamba kumwa m'mawa.

Pamsika sindidadzere kuseri kwa mabucha. Ndidakhala pa thumba la mbatatesi pakati penipeni n'kuyamba. Ndidajambula amayi a tomato akukangana, mofulumira, asanasinthe maimidwe. Ndidajambula anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo. Ndidajambula amalonda a ku Mozambique ndi matumba awo a nyemba, telala ndi makina ake, galu wa pabucha yemwe ankagona diso limodzi lili pa nyama. Zina zinkatuluka bwino, zambiri zinkatuluka zopotoka, ine n'kumangotembenuza tsamba. Anthu adandizinga. Wina ankati, "Ameneyo ndi Nachisale, taonani chiuno." Nachisale n'kubwera, kukana kuti si iye, kenaka n'kupempha kuti ndimuchepetseko pang'ono. Pensulo itatha ndidatuma kuti andipatse khala kwa owotcha chimanga, ndidapitiriza ndi lomwelo monga kubusa kuja.

Nditakweza mutu ndidaona Che Jafali ataima pakhomo pa sitolo yawo, atandifulatira, akuyang'ana mashelefu opanda kanthu, manja kumbuyo. Kofia itapendekeka. Miyendo yawo ija ya matewe, yoti mbuzi ingadutse pakati osakhudza. Ndidawajambula choncho, chakumbuyo, ndi mizere yochepa chabe. Pamenepo sindidaseke.

Kunyumba ndidatsitsa mabulashi kudenga. Ena adali atadyedwa ndi njenjete, ena ndidawaviika m'parafini n'kudzuka. Penti ndidapempha zotsalira kwa anyamata openta nyumba. Ndidapeza bolodi, ndidayala buku lija pambali, lonyansa, lotupa, lonunkha tiyi ndi mbuzi, ndipo ndidasamutsa msika wonse kuuika pabolodipo, phiri lija kumbuyo litafunda nkhungu. Agogo anu ankaima kumbuyo kwanga ngati kapitawo. "Phirilo mwalinenepetsa." "Nachisale mwamukondera." Ndikawathamangitsa ankabwera ndi chikho cha thobwa n'kuyambiranso.

Mitambo idali itayamba kusonkhana kumadzulo pamene tidanyamula bolodi lija, titalikulunga m'chitenje, kupita nalo kusitolo. Katundu wa Che Jafali adali kale panja, akudikira galimoto. Ndidavundukula.

Che Jafali adaimirira. Adavala magalasi, adayandikira, adayamba kuyenda ndi chala pamwamba pake osakhudza, kutchula anthu mmodzimmodzi ngati akuitana maina. Adapeza telala. Adapeza galu. Adapeza benchi lathu. Kenaka chala chidaima pa munthu wofulatira uja pakhomo pa sitolo.

Akazi awo, atafunda mpango, adasuzumira n'kunena kuti, "Miyendo imeneyi ndi ya kunyumba kwanga."

Che Jafali adati, "A Gama, ndinati musaike nkhope. Sindinati muike miyendo."

"Mukadanena."

Adaseka, kenaka kuseka kuja kudasanduka china, adavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, ngakhale adali oyera. Ine ndidayang'ana kuphiri. Amuna a msinkhu wathu sitidziwa chochita ndi nkhope zathu pa nthawi ngati imeneyo. Agogo anu ndi amene adatipulumutsa, adayamba kufotokozera Mayi Jafali kuti luso lonselo adandiphunzitsa ndi iwo.

Galimoto itabwera, anyamata adafuna kuika bolodi pamwamba pamodzi ndi matilesi. Che Jafali adakana. Adakhala kutsogolo n'kulikumbatira pamiyendo ngati thireyi ya mazira, moti pamene galimoto inkanyamuka, ife sitidaone nkhope yawo. Tidangoona zala zitagwira m'mphepete mwa chitenje, ndi kansonga ka kofia. Mvula yoyamba idagwa tisanafike kunyumba, tidanyowa tonse awiri, agogo anu akuimba nyimbo ya kukwaya mumsewu ngati mtsikana.

Patapita milungu ingapo foni idalira, iyi ya mabataniyi imene mumaiseka. Adali Mayi Jafali. Atatha moni adati, "A Gama, chithunzi chanu chatibweretsera mavuto kuno."

Ndidafunsa ngati penti yamatuka ndi kutentha.

"Ayi, chili bwino. Koma mlendo aliyense akafika, asanakhale pansi, bambo amamuimika patsogolo pake n'kumuyendetsa msika wonse wa Tsangano. Uyu ndi uje, uyu amagulitsa chakuti, galu uyu adaba chiwindi chaka chakuti. Tiyi amazizira pa tebulo. Anthu ayamba kuopa kubwera."

Kumbuyo ndinkamva mwini wake akukuwa kuti apatsidwe foni. Atailandira adati, "Achimwene, musamvere zimenezo. Koma pali chimodzi mudalakwitsa. Nkhungu ija mudaika paphiri, mudaichulutsa."

"Ndidzabwere ndidzaichepetse?"

"Ayi, isiyeni. Kungoti ndikakhala pafupi n'kuiyang'ana kwa kanthawi, ndimayamba kumva kuzizira. Panopa ndikulankhula nanu ndavala juzi."

Ku Mangochi, ana inu. Mwezi wa dzuwa loswa mtengo, anthu akugona panja chifukwa cha kutentha, nkhalamba ili m'nyumba yavala juzi, ikuyang'ana kwathu.